Mbiri ya Malipiro a Ovina ndi Aphunzitsi a Magule kwa Mpama

Dera la Mfumu Mpama, m'boma la Chiradzulu, lili m'chigawo chimene mitundu itatu ya anthu inakumana m'zaka zosakwana 50, ndipo magule amene ovina a kumeneko amaonetsa lero ndi cholowa cha kukumanako. Amang'anja ndiwo anali eni nthaka pamene Ayao, mtundu wa ufumu wa Mpama, ankalowa m'mapiri a kum'mawa kwa Shire cha m'ma 1860, nthawi yomweyo imene Bishopu Charles Mackenzie anatsegula mishoni ku Magomero mu 1861. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe nawo anafika mwaunyinji kuchokera ku Mozambique pothawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo ambiri anakhala m'maesiteti a azungu monga a A. L. Bruce ku Magomero, kumene ankagwira thangata, kutanthauza ntchito yogwirira mwini malo m'malo molipira lendi. Mtundu uliwonse unabwera ndi ng'oma zake, ndipo kukhalirana pafupi kunachititsa kuti mwana wa m'mudzi umodzi akule akudziwa manganje a Chiyao ndi tchopa cha Chilomwe pamodzi.

Anthu ena amaganiza kuti kulandira ndalama pa gule ndi khalidwe la makono loononga mwambo, koma maganizowa sagwirizana ndi mmene midzi inkayendetsera zinthu kale. Woimba ng'oma waluso ankaitanidwa kumidzi ina, kumene ankalandira nkhuku, ufa kapena mowa, pomwe wovina wokometsa bwalo ankasupidwa, ndiko kuti oonera ankalowa m'bwalo kukamupatsa mikanda kapena kandalama gule ali mkati. Uphunzitsi nawo unali ndi mphotho yake, chifukwa namkungwi, amene Ayao amamutcha nakanga, ankalandira kangachepe kwa makolo a anamwali amene wawalangiza ndi kuwaphunzitsa nyimbo, ndipo ngaliba, yemwe amadula anyamata ku ndagala pa mwambo wa jando, sankagwira ntchito yake popanda malipiro. Chimene chinalibe malo m'dongosololi ndi mtengo wogwirizana gule asanayambe: wopereka anali mbale kapena mnansi, kuchuluka kwa mphatso kunkayenderana ndi zokolola za chaka chimenecho, ndipo bwalo linkatsegulidwa ndi chilolezo cha nyakwawa. Mbiri ya ntchitoyi m'zaka 100 zapitazi ndi mbiri ya kusintha kwa amene amalipira, osati ya chiyambi cha malipiro.

Gulu la ovina lokhala ndi maudindo ndi thumba la ndalama linaonekera bwino ndi beni, gule wotsanzira perete wa asilikali amene anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Kenya ndi Tanganyika m'zaka za m'ma 1890, n'kufalikira kwambiri pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Asilikali a King's African Rifles, amene likulu lawo ku Nyasaland linali ku Zomba, pafupi ndi Chiradzulu, pamodzi ndi amtengatenga obwerera kunkhondo, ndiwo anathandiza kumufikitsa m'midzi ya Ayao. Katswiri wa mbiri Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lonena za beni, anaonetsa kuti magulu amenewa anali ndi atsogoleri a mayina a maudindo a usilikali, ankasonkha ndalama zogulira yunifolomu, ankayeserera mwadongosolo ndiponso ankapikisana ndi magulu a midzi ina. Wapampando, mlembi ndi msungichuma a magulu a masiku ano akuyenda m'njira imene beni anailambula, ngakhale kuti cholinga cha nthawi imeneyo chinali ulemu wa mudzi, osati phindu. Mipingo ya chimishoni, imene kwa nthawi yaitali inkaletsa Akhristu ake kuvina magule ambiri a makolo, inachedwetsa kusinthaku pakati pa anthu ophunzira, amene akanatha kukhala oyamba kulemba ndi kuphunzitsa magulewo m'sukulu.

Ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, unakweza magule m'maso mwa dziko ndi kuwatsitsa mtengo nthawi imodzi. Amayi, amene Banda ankawatcha mbumba yake, ankasonkhanitsidwa ndi atsogoleri a chipani cha Malawi Congress kuti ayeserere kwa masiku ambiri, kenaka n'kunyamulidwa pa malole kupita ku Kamuzu Stadium ku Blantyre pa chikondwerero cha 6 July kapena kukachingamira mtsogoleriyo poyendera minda, atavala nsalu za chipani zokhala ndi nkhope yake. Nyimbo zakale za chimtali ndi chiwoda zinasinthidwa mawu kuti zitamande Ngwazi, ndipo wokana kuvina ankaonedwa ngati woukira. Lisa Gilman, m'buku lake la mu 2009 lonena za amayi ovina m'ndale za Malawi, anafotokoza mwatsatanetsatane mmene kukakamizaku kunkachitikira. Komabe, nyengo imeneyi inasiya luso limene msika unadzaligwiritsa ntchito pambuyo pake: kufupikitsa gule wa usiku wonse kuti athe m'mphindi zochepa, kufola m'mizere moyang'ana alendo olemekezeka m'malo mozungulira bwalo, kuvala mofanana ndiponso kupeka nyimbo mwachangu pa mutu woperekedwa ndi wina. Mu 1987 boma linakhazikitsa Kwacha Cultural Troupe ku Lilongwe, gulu limene pambuyo pake linatchedwa Malawi National Dance Troupe, ndipo mwa ilo Amalawi anaona wovina wolandira malipiro a pamwezi amene ankaphunzira magule a mitundu yonse, osati a kwawo okha.

Ndale za zipani zambiri zitayamba mu 1994, kukakamiza kunatha koma kuvinira andale kunapitirira, tsopano ndi chikoka cha ndalama ndi zitenje zogawidwa pamsonkhano. M'zaka zomwezo mabungwe olimbana ndi Edzi anayamba kulemba ganyu magulu a magule kuti azikokera anthu kumisonkhano ya zaumoyo, motengera njira ya zisudzo zophunzitsa anthu imene aphunzitsi a ku Chancellor College, monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1980. Apa ndi pamene mtengo wokambirana pasadakhale, ndalama ya mayendedwe ndi kusainira pepala la malipiro zinazolowereka m'midzi.

Tchopa, gule amene Alomwe ankavina pothokoza mizimu pa zokolola kapena uzimba wabwino ndiponso popereka nsembe pa nthawi ya chilala ndi miliri, anapeza mwayi wapadera Pulezidenti Bingu wa Mutharika atatsogolera kukhazikitsidwa kwa Mulhako wa Alhomwe, umene umachita chikondwerero chake chaka ndi chaka mu October kwa Chonde ku Mulanje. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kwa anthu a dziko lonse, pamene Gule Wamkulu ndi Vimbuza anali atalowapo kale mu 2008. Ulemu wotere subweretsa ndalama m'thumba la wovina mwachindunji, koma umachulukitsa oitana.

Woyambitsa gulu masiku ano m'boma la Chiradzulu, limene kalembera wa mu 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 350,000 pa malo ochepa kwambiri, amachita zimenezi kawirikawiri chifukwa munda wake ndi wosakwanira kudyetsa banja, ndipo mwayi wake waukulu ndi kufupika kwa Limbe ndi Blantyre, kumene kuli maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya makampani. Mpamba wake ndi ng'oma zofuna zikopa zatsopano nthawi ndi nthawi, maseche, zovala ndi ndalama ya galimoto, imene nthawi zina imadya gawo lalikulu la malipiro asanagawidwe kwa anthu 15 kapena 20. Ntchito imachuluka m'chilimwe anthu atakolola, n'kuzilala m'dzinja, ndipo n'chifukwa chake uphunzitsi umakopa atsogoleri a magulu, makamaka poti phunziro la Expressive Arts la m'sukulu za pulaimale limafuna kuti ana adziwe magule amene aphunzitsi ena sanawavinepo.

Pakuphunzitsa ndi pamene pali malire ovuta. Mayendedwe a miyendo ndi kaimbidwe ka ng'oma angathe kuphunzitsidwa kwa aliyense wolipira, koma nyimbo za ku ndagala ndi za kutsimba zimatengedwa ngati chinsinsi cha ovinidwa okha, ndipo woziika pa siteji amayembekezera mlandu kwa mfumu ndi kwa anamkungwi. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 1989, limene linabala bungwe la COSOMA mu 1992, linaika umwini wa zaluso za makolo m'manja mwa boma poimira anthu onse a m'dziko, kotero kuti mwini gulu ndi mwini wa zovala, ng'oma ndi nyimbo zimene wapeka yekha, koma si mwini wa tchopa kapena manganje amene amamupezetsa ndalamazo.