Dokotala amene anaseketsa dziko la Egypt

Mu Malichi 2011, patangopita mwezi pulezidenti Hosni Mubarak atachoka pampando, dokotala wa opaleshoni ya mtima ku Cairo, Bassem Youssef, anayamba kujambula nthabwala m'chipinda chochapira zovala kunyumba kwake n'kumaziika pa YouTube. Ankaonetsa tizidutswa ta zimene atolankhani ndi andale anayankhula pa TV, kenako n'kuziseka. Chaka chisanathe kanema wa ONTV anamutenga, pulogalamu yake inatchedwa Al-Bernameg, ndipo mu 2012 inasamukira ku CBC, komwe ankaijambula pamaso pa khamu la anthu. Mbiri yakeyi ikutiphunzitsa chinthu chowawa: wanthabwala zandale samalizidwa ndi apolisi okha, koma ndi oonera amene amaseka pokhapokha wosekedwayo akakhala mdani wawo.

Taonani mmene zinayendera. Mu Malichi 2013 boma la Mohamed Morsi linalamula kuti amangidwe pomuganizira kuti wanyoza pulezidenti ndi Chisilamu. Iye anakadzipereka atavala chipewa chachikulu chofanizira chimene Morsi anavala ku Pakistan, anatuluka pa belo ya mapaundi a ku Egypt 15,000, ndipo kutchuka kwake kunangokula. Koma asilikali atachotsa Morsi mu Julaye, Youssef anabwerera pa kanema mu Okutobala n'kuseka anthu otamanda mkulu wa asilikaliwo, Abdel Fattah el-Sisi, mopyola muyeso, mpaka kuika nkhope yake pa chokoleti. Ambiri mwa omwe ankamuombera m'manja dzulo anamutcha wogulitsa dziko. CBC inaimitsa pulogalamuyo patangotha sabata imodzi, popanda chigamulo cha khoti.

Ena amati Youssef anadzikumbira yekha dzenje, chifukwa pochepsa mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu anatsegulira asilikali njira. Mfundoyi siyopepuka, pakuti kuseka kumachotsadi ulemu wa munthu. Komabe imasenzetsa nthabwala katundu amene si wake. Morsi anagwa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, kusowa kwa mafuta, lamulo lake la mu Novembala 2012 lodziika pamwamba pa makhoti, ndiponso mfuti za asilikali. Ndipo akanakhala chida cha asilikaliwo, Youssef sakanaloza chala mbali yawo atangotenga boma.

Anayesanso pa MBC Masr mu Febuluwale 2014, koma mu Juni analengeza kuti pulogalamuyo yatha, poopera moyo wake ndi wa banja lake. Chaka chomwecho anachoka ku Egypt, ndipo pambuyo pake anakakhazikika ku America.