Ajeli a ku Manden ndi Mbiri ya Sundiata Keita

Pakati pa anthu a mtundu wa Mande, omwe ambiri amapezeka ku Mali, Guinea, Gambia ndi Senegal, pali ntchito yakalekale yotchedwa jeliya, ndipo woigwira amatchedwa jeli, ngakhale kuti mabuku a Azungu anazolowera kumutchula kuti griot. Jeli ndi munthu amene udindo wake ndi kusunga pamtima mibadwo ya mafumu, kutamanda olemekezeka pa miyambo, kuyanjanitsa mabanja okangana ndiponso kulankhulira mfumu pabwalo, popeza mfumu sinkayenera kukweza mawu pagulu. Ntchitoyi munthu saisankha koma amabadwira momwemo, ndipo mabanja monga a Kouyaté ndi a Diabaté akhala akuigwira kwa zaka mazana ambiri. Ajeli ali m'gulu la amisiri lotchedwa nyamakala pamodzi ndi osula zitsulo komanso ofufuta zikopa, ndipo mawu akuti nyama m'chiyankhulo chawo satanthauza ndiwo ayi, koma mphamvu yobisika imene amakhulupirira kuti imatuluka munthu akamasula chitsulo, akamapha chilombo kapena akamatchula maina a makolo.

Mwa nkhani zonse zimene ajeli amasunga, yaikulu ndi ya Sundiata Keita, mnyamata wankhondo amene anamasula dziko la Manden m'manja mwa ufumu wa Sosso nakhazikitsa ufumu wa Mali. Kuti munthuyu anakhalako umboni ulipo, chifukwa Ibn Khaldun, wolemba mbiri wachiarabu wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, anatchula mfumu ya Mali yotchedwa Mari Jata imene inagonjetsa anthu a Sosso. Chaka cha 1235, chimene mabuku ambiri amati ndicho cha nkhondo ya ku Kirina, komwe Sundiata anagonjetsa a Sosso, n'chongoyerekeza cha akatswiri a masiku apambuyo pake, pakuti ajeli sawerenga zaka ndi manambala.

Malinga ndi momwe ambiri amaifotokozera, Sundiata anabadwa kwa mfumu Naré Maghann Konaté ndi mkazi walinunda wotchedwa Sogolon, yemwe alenje anabwera naye atapha njati yamatsenga imene inkasautsa dziko la Do. Mwanayo anakula akukwawa mpaka zaka zisanu ndi ziwiri, moti mkazi wamkulu, Sassouma Bérété, amene ankafunira ufumu mwana wake Dankaran Touman, ananyoza Sogolon tsiku limene anakapempha masamba a mlambe othira m'ndiwo. Chitonzocho ndicho chinadzutsa mwanayo: anagwira ndodo yachitsulo imene inapindika ngati uta pamene ankaimirira, ndipo anazula mlambe wonse n'kukauika pakhomo pa amayi ake. Pambuyo pake banjalo linathawira kutali mpaka ku Mema, komwe mnyamatayo anaphunzira nkhondo, ndipo ali komweko amithenga anadzamuuza kuti Soumaoro Kanté, mfumu ya Sosso yomwe inalinso yosula zitsulo ndi yamatsenga, walanda Manden. Mikondo sinkamulowa Soumaoro, ndipo chinsinsi chake chinadziwika kudzera mwa Nana Triban, mlongo wake wa Sundiata amene anakwatiwa naye mokakamizidwa: chomugonjetsa chinali chikhadabo cha kumwendo kwa tambala woyera chomangirira kunsonga ya muvi. Muviwo utangomukhudza mphamvu zinamuthera, ndipo anathawa n'kukazimiririka m'mapiri a Koulikoro.

Owerenga amakono amathamangira kulekanitsa matsenga a m'nkhaniyi ndi mbiri yeniyeni, koma kuteroko n'kusamvetsa ntchito ya jeli, amene kwa iye matsenga ndiwo chiyankhulo cholongosolera momwe ulamuliro umapezekera ndi momwe umathera. Anthu a Mande ali ndi mawu awiri othandiza pamenepa. Fadenya ndi mpikisano wa ana a bambo mmodzi koma amayi osiyana m'banja lamitala, ndipo ndiwo umakankha mnyamata kuti achoke pamudzi, adziimire payekha ndi kupanga dzina loposa la atate ake. Badenya ndi chikondi cha ana a bere limodzi, chimene chimamubweza kwawo kuti mphamvu zake zipindulire anthu. Sundiata amayamba ndi choyambacho n'kuthera m'chachiwiri, pamene Soumaoro amagwa chifukwa chophwanya malamulo a chibale, makamaka polanda mkazi wa Fakoli, mwana wa mlongo wake, amene anapsa mtima n'kupita ndi ankhondo ake ku mbali ya Sundiata.

Chochititsa chidwi n'chakuti ajeli anadziikamo okha m'nkhaniyi. Balla Fasséké, jeli wa Sundiata, akuti anagwidwa ku Sosso, ndipo analowa m'chipinda chobisika cha Soumaoro n'kuimba balafon yake, choimbira cha matabwa ndi zipanda chofanana ndi valimba ya ku Nsanje, mwaluso lomwe linachititsa mfumuyo kumusunga m'malo momupha. A Kouyaté amati ndi zidzukulu zake, ndipo choimbira chotchedwa Sosso-Bala, chimene amakhulupirira kuti ndicho chomwecho, amachisunga m'mudzi wa Niagassola ku Guinea. Bungwe la UNESCO linachizindikira m'chaka cha 2001. Motero nthawi iliyonse jeli akamatamanda ngwaziyo amakhala akukumbutsanso a Keita za pangano lakale lowasamalira, ndipo mabanja ena monga a Traoré, a Condé ndi a Kamara amamva malo awo akutchulidwa.

Umboni wakale kwambiri wa ntchitoyi ndi wa Ibn Battuta, amene anafika ku Mali m'chaka cha 1352 pa nthawi ya Mansa Sulayman. Iye anaona womasulira wa mfumu wotchedwa Dugha akuimba choimbira chokhala ndi zipanda kunsi kwake, komanso alakatuli ovala nthenga ndi zigoba zonga mitu ya mbalame akukumbutsa mfumu ntchito zabwino za omwe anakhala pampandowo iyo isanakhalepo. Mwambo wina umene wapitirira ndi wa ku Kangaba, kumene nyumba yopatulika yotchedwa Kamablon amaifolera denga latsopano pakatha zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse, ndipo a Diabaté a m'mudzi wa Kela ndiwo amabwera kudzanena mbiri ya Manden.

Nkhaniyi inasintha maonekedwe italowa m'mabuku. M'chaka cha 1960 Djibril Tamsir Niane wa ku Guinea anasindikiza m'Chifalansa zimene anamva kwa jeli Mamadou Kouyaté, ndipo m'chaka chomwecho dziko limene Afalansa ankalitcha Soudan linalandira ufulu n'kudzitcha Mali pansi pa Modibo Keïta, kotero kuti mnyamata womasula Manden anamveka ngati chithunzi cha omenyera ufulu wa dziko. Mbali ya nkhaniyi yokhudza malamulo inakula kwambiri pambuyo pake. Ajeli amanena kuti nkhondo itatha mafumu anasonkhana pa dambo la Kurukan Fuga kugawana maudindo, koma mfundo 44 zimene lero zimafalitsidwa ngati malamulo a msonkhanowo zinalembedwa m'chaka cha 1998 ku Kankan, pamene ajeli ndi ophunzira anaphatikiza zimene aliyense ankakumbukira. UNESCO inaika pangano la Manden limeneli pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2009, ngakhale kuti akatswiri ena a mbiri amatsutsa zolitenga ngati mawu enieni a m'zaka za m'ma 1200, poona kuti kasanjidwe kake n'kofanana ndi ka malamulo a maboma amakono.