Mawu osonyeza kukayika

Mawu osonyeza kukayika ndi mawu amene munthu amagwiritsa ntchito ponena kuti chinthu chikhoza kuchitika koma iye alibe chitsimikizo. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku ntchitoyi imagwiridwa makamaka ndi aneni othandizira "may", "might" ndi "could". Aneniwa amatsogolera mneni wamkulu ndipo sasintha, kaya mwininkhani ndi mmodzi kapena ambiri. "Might" anayamba ngati nthawi yakale ya "may", koma lero amanenanso zam'tsogolo, monga "It might rain". Palinso aonjezi "maybe" ndi "perhaps", pomwe "probably" amasonyeza kuti wolankhula watsala pang'ono kutsimikiza.

Ku Mzimba, kumene anthu ambiri amalankhula Chitumbuka ndipo Chingerezi amachiphunzira kusukulu, mawuwa amayendera limodzi ndi mawu a Chitumbuka akuti "panji", "panyake" ndi "kwali", ofanana ndi "kapena", "mwina" ndi "kaya" a Chichewa. Chitumbuka ndi Chichewa zimaikanso "-nga-" m'kati mwa mneni posonyeza kuti chinthu chikhoza kuchitika: "ningaluta", "ndingapite".

"May" amapemphanso chilolezo, monga wophunzira akamati "May I come in?" Apa palibe kukayika, ndi ulemu chabe.