Kuchokera pa Thumba Kufika pa Pamela: Lundazi m'Mbiri ya Ufa Wotsika Mtengo ku Zambia

Mbiri ya ufa wotsika mtengo ku Zambia kawirikawiri imalembedwa ngati nkhani ya mzinda wa Lusaka ndi matauni a ku migodi, kumene kunali mizere pa masitolo, zipolowe ndi nduna zolengeza mitengo. Ife tiyambira kwina, ku Lundazi, m'chigawo cha kum'mawa, pa mtunda wa makilomita oposa 700 kuchokera ku Lusaka. Tikati Lundazi tikunena boma lakale lija, lisanagawidwe m'chaka cha 2018 kuti pabadwe maboma a Lumezi ndi Chasefu. Mfundo yathu ndi yakuti mtengo umene mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama ankalipira pogula ufa sunkapangidwira m'tauni mokha: unali womangirirana ndi mtengo umene mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Magodi ankalandira pa chimanga chake, ndipo chimodzi chikagwedezeka chinzake sichinkakhala chilili.

Pa nthawi ya atsamunda Lundazi analibe gawo lenileni pa ntchito yodyetsa matauni. Bungwe loyang'anira malonda a chimanga limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1936 linkagwira ntchito m'madera a m'mbali mwa njanji, ndipo linasungira alimi achizungu gawo lalikulu la msika. Chigawo cha kum'mawa chinalibe njanji yopita ku Lusaka, kotero kunyamula chimanga kuchokera kumeneko kukanadya phindu lonse. Chimene maboma ngati Lundazi ankatumiza ku matauni anali anthu. Amuna ankapita ku migodi ndi ku Lusaka, kumene olemba ntchito ambiri ankawapatsa phoso monga gawo la malipiro. N'chifukwa chake wantchito wa m'tauni anazolowera kuona ufa ngati udindo wa bwana, ndipo dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 udindowo unagwera boma la Kenneth Kaunda. Anthu a kum'mawa omwewa ndi amene anathandiza kuti Chinyanja chikhale chiyankhulo cha m'misewu ya Lusaka, monga momwe mayina a makomboni ngati Mtendere ndi Chawama akuchitira umboni.

Boma la chipani cha UNIP linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD m'chaka cha 1969 kuti lizigula chimanga ndi kugulitsa feteleza. Kusintha kumene kunakhudza Lundazi kwenikweni kunadza cha m'ma 1974, pamene boma linalamula kuti mtengo wogulira chimanga ukhale umodzi m'dziko lonse. Tanthauzo lake linali lakuti mlimi wa kwa Kapichila ankalandira ndalama zofanana ndi mlimi wa ku Chisamba, amene munda wake uli pafupi ndi njanji. Mtengo wa malole oyenda kuchokera ku Lundazi kupita ku Chipata, n'kuwoloka Luangwa mpaka ku Lusaka, unkalipiridwa ndi boma. Feteleza nayenso anali wotsitsidwa mtengo, mbewu zamakono monga SR52 zinafika m'midzi, ndipo mabungwe a makopaletivu anatsegula misika pafupi ndi alimi. Chimanga chikafika ku zigayo zikuluzikulu, boma linkachigulitsa pa mtengo wotsika kuposa umene linawononga, n'kulamulanso mtengo wa ufa m'masitolo monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni. Pofika m'chaka cha 1980 anthu pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse ankakhala m'matauni, ndipo onsewa ankadya nsima imene mbali ina ya mtengo wake inali italipiridwa kale ndi boma.

Ena amati dongosololi linkadyera masuku pamutu mlimi pofuna kusangalatsa wa m'tauni. Kwa alimi a m'mbali mwa njanji mawuwa ali ndi choonadi, pakuti msika ukanawapatsa mtengo wabwinopo. Koma kwa mlimi wa ku Lundazi sitingavomereze msangamsanga. Iye ndiye anapindula ndi mtengo umodzi uja, popeza unamubweretsera msika umene mtunda unkamumana. Sitikunena kuti zonse zinkayenda bwino: matumba ankasowa, ndalama zinkachedwa, ndipo zaka zina mvula inkapeza chimanga chili pamtetete chisananyamulidwe. Panalinso chodabwitsa china. Popeza ufa wa m'sitolo unali wotsika mtengo chotero, mabanja ena a kumidzi ankagulitsa chimanga chawo n'kumagula ufa, kotero chimanga chinkayenda ulendo wautali kupita ku chigayo cha m'tauni, n'kubwereranso chili m'thumba lina, boma likulipira ulendo wonse wopita ndi wobwerera. Ufa wina unkatuluka mozemba kupita ku mayiko oyandikana nawo monga Zaire, kumene unkagulidwa pa mtengo wokwera.

Zonsezi zinkatheka chifukwa cha mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 iliyonse ya ndalama zakunja. Mtengo wa mkuwa utagwa m'chaka cha 1975, boma linayamba kudyetsa matauni ndi ngongole. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndalama zothandizira chimanga ndi feteleza zinafika pafupifupi 17 pa 100 iliyonse ya ndalama zonse zimene boma linkagwiritsa ntchito.

Apa tiyenera kuima pang'ono pa mawu awiri amene mphunzitsi wa chiyankhulo sangawalambalale. Ku Zambia, kumene ufa amautcha unga, zigayo zikuluzikulu zimapanga mitundu iwiri: bulekifasi ndi rola. Bulekifasi ndi woyera ndi wosalala, wofanana ndi ufa wa chimanga chokonola. Rola ndi woderapo, woyandikira ku mgaiwa. Mawu oyambawo anachokera ku dzina la Chingerezi la chakudya cha m'mawa, koma m'Chinyanja tanthauzo limenelo linatayika, pakuti nsima ya bulekifasi imadyedwa masana ndi madzulo. Chimene mawuwa ananyamula ndi ulemu wa pakhomo: banja lodya rola linkaonedwa ngati losauka. Boma linadalira kusiyana kumeneku m'mwezi wa Disembala 1986, pamene, potsatira malangizo a IMF, linachotsa thandizo pa bulekifasi n'kulisiya pa rola, poganiza kuti olemera azilipira ndipo osauka atetezedwa. Mtengo wa bulekifasi unakwera ndi 120 pa 100 iliyonse. Eni zigayo, posadziwa bwino m'mene boma lidzawabwezere ndalama za rola, anangopanga bulekifasi, ndipo rola anasowa m'masitolo. Zipolowe zinabuka ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a ku migodi, ndipo anthu 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, analanda zigayo zikuluzikulu kuti zikhale za boma, ndipo pa 1 Meyi 1987 analengeza kuti Zambia wasiya ndondomeko ya IMF.

Koma m'thumba la boma munalibe kanthu. M'mwezi wa Januwale 1989 kunayamba makuponi, timapepala timene banja lolembetsedwa linkapereka pogula ufa kuti lilipire ndalama zochepa. Makuponi anali a anthu a m'matauni. Wa kumudzi ankayesedwa kuti ali ndi nkhokwe, ngakhale kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. M'tauni momwemo, wolembedwa ntchito ankawapeza mosavuta kuposa wogulitsa makala kapena wophwanya miyala, amene ndiye ankawasowa koposa. M'chaka chomwecho NAMBOARD inathetsedwa ndipo ntchito yake inapatsidwa kwa makopaletivu. M'mwezi wa Juni 1990 mtengo wa ufa unakwera kuposa kawiri. Ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anayamba zionetsero, anthu a m'makomboni anawatsatira, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti boma lagwa. Chiwembucho chinatha m'maola ochepa, koma chimwemwe chimene anthu anaonetsa m'misewu ya Lusaka chinauza Kaunda zimene nduna zake sizinkamuuza.

Pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 chipani cha MMD cha Frederick Chiluba chinapeza mipando 125 mwa 150. Pa mipando 25 imene UNIP inatsala nayo, 19 inali ya chigawo cha kum'mawa, ndiye kuti mipando yonse ya chigawocho, ya ku Lundazi yomwe. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo zina n'zaubale ndi mbiri ya chipanicho. Komabe sitikuona ngati n'zangozi kuti matauni amene anataya ufa wotsika mtengo anakana Kaunda, pamene chigawo chimene mtengo umodzi unachikweza chinamukakamira.

Boma latsopano linachotsa makuponi ndi thandizo la ufa, pa nthawi yomwe chilala cha 1992 chinkadyetsa anthu nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Ku Lundazi mtunda unabwereranso pa mtengo: wogula aliyense tsopano ankachotsera mlimi ndalama za lole, makopaletivu anafooka, ndipo alimi ambiri anatembenukira ku thonje. M'tauni masitolo a boma anagulitsidwa, ndipo Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu msewu wa Cairo m'chaka cha 1995. Phindu limodzi limene osauka anapeza linali ufulu wogula chimanga pa msika n'kukagayitsa ku chigayo chaching'ono cha m'komboni, njira yotsika mtengo kuposa thumba la m'sitolo malinga ngati chimanga chikupezeka. Boma silinakhale kunja kwa msika nthawi yaitali. Lamulo la 1995 linabala bungwe la FRA, ndipo m'chaka cha 2002 boma la Levy Mwanawasa linayambanso kutsitsa mtengo wa feteleza. Koma FRA ikagula chimanga chochuluka pa mtengo wokwera, wopindula ndi mlimi amene ali ndi chogulitsa. Wogula wa ku Misisi, ngakhalenso waganyu wa pa boma la Lundazi penipeni, amapeza chimanga cha pa msika chitachepa ndi kukwera mtengo.

M'zaka zotsatira kutha kwa thandizo la ufa ndi m'mene mawu akuti pamela anafala. Pamela ndi kapepala ka pulasitiki kothiridwa ufa wongokwana mphika umodzi kapena iwiri, kogulitsidwa pa kantemba, kasitolo ka m'mbali mwa msewu. Tambiri timatchedwa tupamela, monganso tuntemba. Mphatikiram'mbuyo tu- ndi wa Chibemba ndi Chitumbuka, chimene chimayankhulidwa kwambiri ku Lundazi. Chichewa cha m'mabuku chikanati ti-. Mphunzitsi amene amangodula tu- ndi cholembera chofiira ataya mwayi wosonyeza ophunzira m'mene ziyankhulo zakumanirana pa msika wa Soweto. Wogula pamela amalipira ndalama zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba, ndipo amadziwa zimenezi. Chimene alibe ndi ndalama zogulira thumba nthawi imodzi. M'chaka cha 2023 gulu la Zambia National Service linayamba kugulitsa ufa wa Eagles pa mtengo wotsikirapo, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale, chinatalikitsa mizere ya oufuna. Mitengo imene inalengezedwa inali ya matumba a makilogalamu 25.