Pani yakuda na lamulo la sopo

Mukagula pani yolemela ya cast iron, ija ya mizele yowochelapo nyama, sipapita nthawi wina akuuzani kuti, "Osaitsuka na sopo, idzawonongeka." Ambili amangomvela osafunsa. Lamulo limeneli lili na mbili yake, ndipo mbiliyo ionetsa kuti linapangidwila sopo wina, osati uja ali pa sinki panu.

Luso losungunula citsulo na kucithila m'cikombole linayamba ku China zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Ku Ulaya linafika mocedwa, ndipo poyamba anali kupangila mizinga ya nkhondo. Amene anathandiza kuti citsuloci cilowe m'khichini ya munthu wamba ni Abraham Darby wa ku England. Mu 1707 anapatsidwa umwini wa njila youmbila mapoto m'zikombole za mcenga, ndipo mu 1709, ku Coalbrookdale, anayamba kusungunula citsulo na malasha a m'migodi m'malo mwa a mitengo. Mapoto anachipa. Aja a miyendo itatu, amene anafala kum'mwela kwa Africa kuno, ni a mtundu womwewu.

Citsulo cimeneci cili na vuto limodzi: cikakhala na madzi cicita dzimbili. Cimene cimaciteteza ni mafuta. Mukapaka saladi pang'ono n'kutenthetsa kwambili, mafutawo amauma n'kusanduka cikamba colimba cakuda comamatila ku citsulo. Ukuda umene ena amauyesa dothi ndiwo umaletsa nyama kukakamila.

Sopo wakale anali kupangidwa na mafuta a nyama na cidulo ca phulusa, ndipo kambili anali kutuluka waukali. Cidulo cimadya cikamba cija. Conco amayi a nthawiyo sanalakwitse. Koma sopo wamadzi wotsukila mbale masiku ano ni wofatsa, sangacotse mafuta amene anapsa n'kuuma kale. Sopo anasintha, lamulo linatsala.

Mwina linatsala cifukwa panadutsa zaka zambili anthu ataika mapaniwa pambali. Mu 1938 Roy Plunkett wa ku DuPont anatulukila Teflon mwangozi, ndipo mu 1956 kampani ya Tefal ku France inayamba kugulitsa mapani opepuka osakakamila. Makampani ambili a cast iron ku America anatseka. Lodge, ya ku Tennessee, imene inayamba mu 1896, inapulumuka, ndipo mu 2002 inayamba kugulitsa mapani opakidwa kale mafuta ku fakitale. Acinyamata atabwelela ku cast iron, anatenga malangizo a agogo osafunsa kuti agogowo anali na sopo wotani.

Kwa ine, mdani weniweni wa pani imeneyi ni ulesi woiviika m'madzi usiku wonse. Itsukeni ikali yofunda. Zopselela za m'mizele zikakana, thilani mcele wa miyala na kukwecha na bulashi, sopo pang'ono alibe mlandu. Osathila madzi ozizila ikali yotentha kwambili, cifukwa cast iron ingang'ambike. Mukatsiliza, iikeni pa mbaula kapena pa sitovu kwa mphindi zocepa kuti iume, ndiyeno pakani saladi na kansalu, wocepa ndithu, mpaka m'kati mwa mizele.