ZA ZITHUNZI ZOCOKERA KU MWEZI

Mphunzitsi ali yense adziwa cimene cicitika pamene mwana alemba mau a pa bolodi, mnzace naonera kwa iye, wacitatu naonera kwa waciwiriyo. Pofika kwa wacisanu zilembo zina zatayika, ndipo ngati bolodi lafufutidwa palibe angathe kuzibweza. Comweco cinagwera akatswiri a ku America.

Pa 20 July, 1969, Neil Armstrong anatsika pa makwerero a combo ca Apollo 11, naponda pa mwezi. Kamera imene inamjambula, yopangidwa ndi a Westinghouse, sinafanane ndi makamera a pansi pano. Njira ya wailesi yocokera ku mwezi inali yopapatiza, nisenzanso mau a amunawo, ndi mbiri ya makina ao, ndi kugunda kwa mitima yao. Cotero kamerayo inatumiza zithunzi 10 zokha pa sekondi, ciri conse ca mizere 320. Koma mawailesi a kanema a m'nyumba za ku America anafuna zithunzi 30 pa sekondi, za mizere 525. Kunafunika womasulira pakati pao.

Malo atatu analandira zithunzizo: Goldstone ku California, ndi Honeysuckle Creek ndi Parkes ku Australia. Kumasulirako kunacitika motere. Cithunzi cocokera ku mwezi anacionetsa pa galasi la mainchesi 10, naimika kamera yina patsogolo pace kuti ijambule galasilo, ndipo makina ena anabwereza cithunzi ciri conse kufikira ciwerengo cakwana. Owerenga athu ayerekeze munthu wojambula nkhope ya mnzace m'kalilole, osati nkhope yeniyeniyo. Kuwala ndi mdima zinasokonezeka pomwepo. Ndipo poyenda ulendo wautali wa mawaya ndi masetilaiti kunka ku Houston, zithunzizo zinanka zicepa ukoma. Cifukwa cace anthu a m'maiko onse anaona amuna awiri otuwa ngati mizukwa. Koma anchito a ku Honeysuckle Creek anaona zooneka bwino ndithu, ndipo zithunzi zimene ena a iwo anajambula pa galasi lao zicitira umboni kufikira lero.

Tsono zoyambazo, zosasandulika, anazisunga pa matepi, kuti zithandize ngati womasulira uja akalephera. Sanalephere ai, ndipo popeza dziko lonse linali litaona kale, palibe anawayesanso kanthu matepiwo. Anatumizidwa ku Goddard, ku Maryland, naikidwa pamodzi ndi ena osawerengeka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 bungwe la NASA linasowa matepi atsopano, nilifufuta akale ngati 200,000 kuti lilembepo zina.

Patapita zaka zoposa 30, okalamba amene anagwira nchito ija anayamba kufunsa za matepi ao. Mmodzi wa iwo anali Stan Lebar, amene anatsogolera opanga kamera. Wina Richard Nafzger wa ku Goddard. Anafufuza m'nyumba zosungira ndi m'makalata akale zaka zingapo, ndipo mu July, 2009, NASA inabvomereza kuti matepi a Apollo 11 ayenera kuti anali pakati pa ofufutidwawo.

Ine sinditsutsa amene anaimika kamera patsogolo pa galasi, pakuti anacita cimene makina a masiku amenewo analola, ndipo anthu analikudikira. Colakwa cinali kuyesa cotengera ngati cokwanira, ndi kutaya ceniceni. Ife tomwe ticita cimodzimodzi pamene ticepetsa kanema wa ukwati kuti apite msanga pa foni, ndi kufufuta woyambayo. Kompyuta ikhoza kukopa kanema osataya kanthu ngakhale kamodzi, popeza ingolemba manambala omwewo. Koma pomcepetsa itayako zina, ndipo pomcepetsa kaciwiri itayanso.

Cotsala cinali kutola zotengera zabwino koposa. Anazipeza ku Sydney, ndi kwa a wailesi ya CBS, ndi pa mafilimu a ku Houston, nazipereka kwa a Lowry Digital a ku Burbank, akatswiri okonza mafilimu akale, pa mtengo wa madola 230,000. Iwowa anacotsa madontho ndi kunjenjemera, nalinganiza kuwala, kotero kuti amuna aja aoneka bwino koposa m'mene anaonekera m'nyumba za anthu mu 1969. Koma ca pa matepi ofufutidwa sanabweze ngakhale mzere umodzi.