UTA NDI MUVI PAKATI PA ACEWA: MAU OTHOKOZA AMENE ANATIPHUNZITSA



 Tapatsidwa danga m'kabuku kano kuti tinenepo za uta ndi muvi, zida zimene makolo athu anali kudyetsera ndi kutetezera nazo mbumba zao. Ife olemba mau awa tili m'gulu la anthu owerengeka amene anaphunzira kukoka uta akali anyamata, ndipo lero imvi zatikwanira. Luso limeneli silinalembedwe m'buku. Linayenda kucokera m'dzanja la mkulu kulowa m'dzanja la mwana, motero pofotokoza mbiri yake tidzakhala tikuthokoza eni manjawo.

Amene afuna kudziwa ulemu umene Acewa anali kupatsa uta ayambe wamvetsera cilankhulo cathu. Mvula ikakata, mitundu ija ioneka kumwamba tiicha utawaleza, ndiko kuti uta wa Leza. Dzina lakuti Cauta, limene tichula popemphera, ambiri alimasulira kuti Mwini uta wamkulu. Munthu wonyalanyaza vuto timcenjeza kuti muvi woyang'anira sucedwa kulowa m'maso. Anthu sachula Mulungu wao ndi dzina la cida cimene aciyesa copanda pake.

Uta unafika m'dziko lino ife tisanafike. Makolo athu pocokera ku Uluwa anapeza anthu aafupi msinkhu amene tiwacha Akafula kapena Amwandionerapati. Agogo anali kutisimbira kuti munthu akakumana ndi mmodzi wa iwo anali kufunsidwa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru anali kuyankha kuti, "Ndakuonerani patali," pakuti woyankha mwacipongwe anali kulandira muvi wa ulembe. Nkhaniyi tinali kuimva monga nthano, koma nthaka inaicitira umboni. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba m'mapanga a Makwe m'boma la Katete, Kalemba ku Chadiza ndi Thandwe kufupi ndi Chipata, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1976. Mwa zina anapeza timiyala tating'ono tambirimbiri tosemedwa mwakuthwa, timene akatswiri akhulupirira kuti tambiri tinali kuikidwa kunsonga kwa mivi. Ngati tiyamba kuthokoza, tiyambire pa alenje amenewa, amene maina ao anapita ndi mphepo.

Cimene Amaravi anaonjezapo ndi citsulo. Anali kudziwa kusungunula miyala m'ng'anjo, ndipo wosula anali kupanga makasu, nkhwangwa ndi nsonga za mivi zokhala ndi ngowe. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anayenda ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe m'zaka za 1831 ndi 1832, anadutsa m'maiko a Amaravi ndi Acewa, ndipo m'buku lake la 1854 anachula uta ndi mivi pakati pa zida za anthu amene anawaona. Masiku amenewo mlenje sanali mwini wa zonse zimene wapha. Cikopa ca mkango kapena ca nyalugwe cinali ca mfumu, monganso mnyanga wa njovu umene wakhudza pansi, ndipo mafumu aang'ono anali kupereka mitulo yotere kwa Undi. Inu amene muona mafumu akulamba lero mudziwe kuti mbali ina ya mitulo ya kale inali kucokera m'manja mwa alenje.

Muvi wa bango paokha sungagwetse njati. Mphamvu yake inali mu ulembe, ndipo ulembe wochuka kwambiri unali wocokera ku njere za comera coyanga cochedwa kombe. John Kirk, sing'anga amene anatsagana ndi David Livingstone paulendo wa pa Zambezi umene unayamba m'caka ca 1858, anaona abale athu Amang'anja a m'cigwa ca Shire akusaka ndi ulembe umenewu. Nsonga ya muvi inali kuikidwa mwakuti nyama ikalasidwa bango ligwe, citsulo cokhala ndi ulembe citsale m'thupi. Mlenje anali kulondola mapazi mofatsa mpaka nyama itagwa, nadula ndi kutaya mnofu wozungulira bala. Livingstone analemba kuti tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswaci umene unakhudzana ndi kombe m'thumba, namva kuwawa m'kamwa, ndipo mtima wake unayamba kugunda pang'ono-pang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezo, ndipo pofika 1885 munacokera mankhwala a matenda a mtima ochedwa strophanthin. Comeraco mpaka lero cidziwika m'mabuku a sayansi ndi dzina lakuti Strophanthus kombe. Mau athu akuti kombe analowa m'mabuku a dziko lonse. Maina a Kirk ndi Fraser akumbukiridwa, koma alenje amene anadziwa mphamvu ya njerezo kalekale sachulidwa. Ife tiwachula pano, ngakhale mwa mtundu wao cabe.

Mayeso aakulu a uta anadza ndi Angoni, amene anaoloka Zambezi motsogozedwa ndi Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Patapita zaka, gulu la Mpezeni linakhazikika m'dera limene lero kuli Chipata. Kamenyedwe kao kanali kacilendo. Cishango cacikulu ca cikopa ca ng'ombe cinali kulandira mivi, ndipo mwini cishango anali kuthamanga kufika pafupi ndi mkondo wake waufupi, pamene wa uta afuna danga ndi nthawi. Pacigwa Acewa ambiri anagonja. Ena anamanga malinga, ena anathawira kumapiri. Timamva ena akunena kuti uta unaticititsa manyazi masiku amenewo, koma ife sitivomereza. Pakhomo la linga ndi pakati pa matanthwe, muvi unali kuopedwa, ndipo anthu amene anasiya minda yao anakhala ndi moyo cifukwa ca nyama ya uta. Nkhondo zimenezo zinatha pamene asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni kuciyambi kwa 1898, ndipo lero Angoni ndi abale athu, tikwatirana ndi kuyenderana pa Nc'wala ndi pa Kulamba.

Cimene cinafooketsa uta kweni-kweni ndi mfuti ya gogodela, imene Acikunda ndi amalonda ena anafalitsa, ndiponso ulamuliro wa atsamunda. Msonkho unatulutsa amuna m'midzi kupita ku mapulazi, ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa, ndipo anyamata anatsala opanda owaphunzitsa. Makasu a m'sitolo anazimitsa ng'anjo. Malamulo a nyama anabwera, cigwa ca Luangwa cinakhala malo osungirako nyama mu 1938, ndipo mu 1972 cinasanduka South Luangwa National Park. Mwambo wa Kulamba womwe unaletsedwa mu 1934, mpaka Kalonga Gawa Undi X Chivunga anaudzutsanso mu 1984. Mdani wotsiriza anali wamng'ono ndi woseketsa: legeni ya mphira wa cubu ca njinga, imene mwana apanga m'mawa umodzi popanda kupempha nzeru kwa mkulu aliyense.

Ife tinabadwa ca m'nthawi ya ufulu wa 1964, pamene uta unali utatsala m'nyumba zowerengeka. Kuti tinauphunzira, ndi cifukwa ca atsibweni athu, alongo ao a amai, amene mwa mwambo wathu ndiwo anali nkhoswe ya mbumba. Iwo sanapite kusukulu, koma sitinaonenso mphunzitsi woleza mtima monga iwo. Uta woyamba anatipangira wa nsungwi, wofika m'cifuwa, ndi mivi yopanda citsulo. Anali kuimika thunthu la nthoci kuseri kwa khola, natiuza kuti, "Mphwanga, yang'ana pamene ufuna kulasa, usayang'ane muvi. Dzanja lidziwa lokha." Milungu yambiri inapita tikulasa nthoci. Titazolowera, anayamba kukunkhuniza dzaye pabwalo kuti tililase likuyenda, ndipo wophonya anali kuthamangira kukalitola. Analinso ndi malamulo amene sanali kusekerera: uta suloza munthu ngakhale ulibe muvi; sulasa patsamba logwedezeka usanaone cimene caligwedeza; ucoka pakhomo utawerenga mivi, ubwera utaiwerenganso. Za ulembe anatiuza mbiri yake cabe, nakana kutionetsa kapangidwe kake, ndipo poona mmene dziko lasinthira tiyesa kuti anaganiza bwino.

Tithokozanso wosula wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, nkhalamba imene inali itasiya kale ng'anjo koma inasunga mvukuto. Citsulo cake cinali ca makasu akutha, misomali ikulu-ikulu ndi masipoko a njinga. Malipiro a nsonga imodzi anali kupukusa mvukuto mpaka mikono italema, ndipo pokhala pamenepo tinaona mmene ngowe idulidwira citsulo cikali cofiira. Ndiye anatiphunzitsa kusankha bango lokhwima, kuliumika pamthunzi, kuliongola pamoto wa makala ndi kuliyang'ana ndi diso limodzi kucokera kumapeto. Nthenga za nkhanga anali kuzing'amba pakati, nazimanga ndi ulusi wopaka phula. Muvi wa mbalame anali kuuika mutu wa mtengo wosasongoka, kuti njiwa igwe yosang'ambika ndiponso muvi usakanirire pamwamba pa mtengo.

Polankhula za uta anthu amaiwala akazi, ndipo kumeneko ndi kulakwa. Agogo athu aakazi ndiwo anali kuphika mafuta a nsatsi opaka uta kuti usang'aluke m'cilimwe. Amai anali kupota cingwe ca khonje panchafu, cimene cinali nsinga ya mauta athu tisanayenere nsinga ya cikopa. Tsiku limene tinabwera ndi njiwa yoyamba, amai anaiphika mwaulemu monga ngati ndi mwendo wa insa, naipereka kwa agogo aamuna kuti alawe poyamba, ngakhale kuti inali yosakwanira ndiwo ya munthu mmodzi. Alongo athu anali kutisungira nsima tikacedwa kuthengo, ndipo kawiri-kawiri anali kutiikira kumbuyo pamene ng'ombe zalowa m'munda ife tikulondola nkhwali. Atate, monga mkamwini, sanalowerere pa nchito ya alamu ao. Iwo mtima wao unali pa sukulu, ndipo anagwirizana ndi atsibweni kuti uta ugwiridwe Loweruka ndi pacuti pokha. Pangano limenelo ndilo linatifikitsa ku sekondale popanda kutaya za kumudzi.

Anyamata akulu a m'gowelo nao tiwakumbuka. Ndiwo anatitenga ku uzimba woyamba, nthawi ya lupsa, pamene mudzi wonse unali kutuluka ndi agalu, zibonga ndi mauta. Kumeneko tinaphunzira kuima pamzera, kusalasa kumene kuli mnzako, ndi lamulo la kwathu lakuti nyama ndi ya amene anayamba kuilasa, koma mwendo upita kwa mfumu ya mudzi. Mikangano ya pa uzimba inali kuweruzidwa poyang'ana muvi, popeza mwini aliyense anali ndi cizindikiro cake pabango.

Pambuyo pake nchito ya boma inatitenga. Zaka zoposa makumi atatu tinakhala m'maofesi a m'matauni, tikugwira mafaelo ndi zidindo, ndipo uta wa atsibweni unatsala kutsindwi kwa nyumba ya amai, wakuda ndi mwaye. Atsibweni anamwalira, wosula anamwalira, mvukuto unadyedwa ndi ciswe. Titapuma pa nchito tinautsitsa uta uja, tinaupaka mafuta, ndipo unalola kukungidwa. Cimene cinatidabwitsa ndi cakuti dzanja linakumbukira, monga mwini wake ananenera. Masiku ano tilasa thumba la udzu kuseri kwa nyumba pamodzi ndi adzukulu. Nyama za m'thengo sitizilasanso, pakuti kusaka kopanda cilolezo ndi mlandu, ndiponso nyamazo zatsala zocepa. Kumaiko ena kuponya mivi ndi masewera olemekezeka, amene akhala m'mipikisano ya Olympics kosalekeza kuyambira 1972. Sitiona cifukwa cimene ana a Acewa angaphunzirire masewerawo pa wailesi ya kanema cabe, pamene agogo ao ena akali moyo amene adziwa kukunga uta wa kwao.

Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 cifukwa anali ndi dambwe lomusunga ndi anthu omuvina caka ndi caka. Uta ulibe dambwe. Utsala m'manja mwa nkhalamba zowerengeka, ndipo iliyonse ikaikidwa m'manda, njira yake yomangira nthenga ipita nayo. Cotero tipempha mafumu ndi anyakwawa kuti pobwerera kwanu mufunse m'midzi yanu ngati muli munthu wodziwa kusema uta kapena kusula nsonga, ndipo mumtumizire anyamata awiri kapena atatu. Inu a m'tauni, mukapeza uta wakale kutsindwi kwa nyumba ya makolo, musausandutse nkhuni. Muupukute, muupake mafuta a nsatsi, ndipo musaukunge msanga mtengo usanamwe mafutawo, ungathyoke. Mabango a mivi adulidwa nyengo ino ya cilimwe, madambo ataphwa, moto wa lupsa usanawafike.